Thope pa Mlomo wa Kambalame

Pa nkhani ya mbalame, Ok Sun-rye anali ndi lamulo limodzi lokha, ndipo aliyense amene anaimapo naye pa matope a ku Dalmori analimva mpaka kutopa nalo: mbalame usaitchule dzina isanasambe. Chifukwa chake n'chapafupi. Kaphulusa, kambalame wamba kotuwa kaja kamene kamatera m'zikwizikwi madzi a m'nyanja akaphwera, kakazika mlomo m'thope lomata kamautulutsa uli ndi kachibulumwa kunsonga, kophwatalala bwinobwino. Munthu waphuma akakaona pa galasi loonera patali amalumpha n'kuyamba kukuwa kuti waona kasupuni, kambalame kamene padziko lonse katsala mazana owerengeka. Msinkhu ndi umodzi, ndipo nyengo yoyoyoka masamba maonekedwe ake ndi amodzimodzi. Kusiyana kuli pamlomo basi. Anthu a masukulu awo ochokera ku Seoul, a zipewa zodula ndi makamera aatali ngati mkono, anachita nazo manyazi kangapo konse. Sun-rye anali asanachitepo.

Iye kusukulu sanapite patali. Anali wokumba nkhono za m'matope ngati mayi aliyense wa m'mudzimo, wa msana wopindika ndi zala zong'aluka ndi mchere. Za mbalamezi zinamuyamba pamene a bungwe loteteza mbalame ankabwereka thirakitala ya malemu mwamuna wake kuti iziwafikitsa kumapeto kwa matope. Tsiku lina anasuzumira m'galasi lawo mongoseweretsa, ndipo sanafunenso kuchotsapo diso. Pochoka anamusiyira galasi lakale la miyendo itatu, wina womanga ndi waya. Kuyambira pamenepo, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, madzi akamabwerera n'kumakankhira mbalame kumtunda, Sun-rye ankaika kakhasu pansi n'kuyamba kuwerenga. Makope ake analipo makumi anayi ndi limodzi, ndipo onsewo tsopano anali kukhothi.

Anali kukhothi chifukwa cha khoma. Khomalo linkachokera mbali zonse ziwiri za gombe, miyala yokhayokha, ndipo pakati panatsala mpata waung'ono woti munthu wa maso abwino ankaona chipewa cha dalaivala wa tsidya linalo. Mpatawo ukatsekedwa, madzi sadzafikanso ku Dalmori. Matope adzauma, nkhono zidzafa, ndipo pamalopo akuti padzamangidwa mafakitale. Mlandu wa mudzi ndi kampani yomanga khomalo unali Lachisanu. Loya wa mudzi anawauza mosapsatira kuti makope aja ndi umboni wamphamvu, muli mitundu ingapo ya mbalame zosowa, koma kasupuni kanalembedwa komaliza zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Katati kapezeke chaka chino, lamulo lingakakamize kuti malole otuta miyala ya khomalo aime kaye, pachitike kafukufuku watsopano wa chaka chathunthu.

Lolemba chakumadzulo kunali kankhungu, ndipo madzi ankabwera mofulumira. Sun-rye ankayendetsa galasi pang'onopang'ono kuchokera kumanzere, akuwerenga tiphulusa khumikhumi. Atafika pa mazana asanu ndi awiri dzanja lake linaima lokha. Kambalame kamodzi, ka nthenga imodzi yoyera yothyoka imene inatuluka pa phiko lamanzere, kankayenda mutu uli pansi, kakuupukusa uku ndi uku monga mmene kasupuni kamadyera. Kenako kanadzutsa mutu. Kunsonga kwa mlomo kunali kophwatalala.

Anatulutsa foni, naigunditsa pa diso la galasi, najambula kamodzi, kawiri.

"Iwe Sun-rye! Madzi awo afika m'miyendo. Ukufuna tikakutole ku China?"

Anali a Gil-ja, alamu ake, mchemwali wamkulu wa malemu mwamuna wake, wapampando wa amayi okumba nkhono, munthu wa mawu oti akakuwa ali kumatope agalu a kumudzi amayankha.

"Alamu," Sun-rye anatero, diso lidakali pa galasi. "Ndi kameneka."

"Kachiyani?"

"Kasupuni."

Dzina linali litatuluka. Zaka zonse zija za kudzudzula ana a eni ake, lero anatchula yekha dzina mbalame isanasambe. Ankafuna kudikira, ndithu ankafuna, koma funde linafika, gulu lonse linanyamuka nthawi imodzi kuti fwaa, ndipo kambalame kaja kanalowa m'nkhungu pamodzi ndi anzake. A Gil-ja anataya thumba la nkhono pomwepo n'kuthamangira kumtunda, majombo ali phwatuphwatu, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri.

Sun-rye asanafike kunyumba, zokuzira mawu za padenga la holo ya mudzi zinali zitalengeza kale. Abambo anatsegula mowa wa mpunga dzuwa lisanalowe. Mayi wina wokalamba amene sankalankhulana naye kuyambira pa maliro a mwamuna wake anabwera ndi mtsuko wa kimchi, kabichi wowawasa wa tsabola, naupachika m'manja mwake akulira. Sun-rye anakondwa, tisaname. Anakondwa kwambiri, ngakhale kuti pansi pa chimwemwecho panali kena kake kakumukanda.

Lachiwiri anafufuza madzi onse awiri, a m'mawa ndi a madzulo, koma sanakaone. Lachitatu kunacha koyera. Anakapeza mosavuta chifukwa cha nthenga yothyoka ija, mapazi makumi anayi okha kuchokera pamene anaima, dzuwa lili kumbuyo kwake. Mlomo unali wophwatalala ngati poyamba. Kankapukusabe mutu. Sun-rye anadikira, monga anayenera kuchitira Lolemba. Kambalameko kanalowa m'kachithaphwi, kanaviika mutu, kanakupiza mapiko, kanaviikanso. Potulukamo mlomo unali woonda, wosongoka ngati munga. Kupukusa mutu konse kuja sikunali kudya ayi, kankangolimbana ndi thope lomwe linkakasowetsa mtendere.

Anakhala pansi m'matopemo, madzi ozizira akulowa m'buluku. Anatukwana kambalameko ndi mawu oti sitingawalembe pano, kenako anadzitukwana yekha. Ponseponse panalibe munthu, kupatula kaboti koyera kamene kanaima patali cha ku khoma.

Sun-rye anawapeza alamu ake kuseri kwa holo, pa mpopi, akutsuka nkhono m'beseni.

"Wabwera mwini dzina! Khala apa, usagwire kanthu, manja amenewo ndi a khothi."

"Alamu, ndinalakwitsa. Ndi kaphulusa. Linali thope."

A Gil-ja anapitiriza kutsuka. Nkhono zinkalira kolokolo m'besenimo.

"Wamuuza ndani?"

"Inuyo ndinu oyamba."

"Ndiye ndine womaliza."

"Ndakaona kakusamba ndi maso angawa."

"Maso akowo ali ndi zaka zingati? Lolemba anaona supuni, lero aona munga. Bwanji ukukhulupirira a lero? A Lolemba anakulakwira chiyani?"

"Si nthabwala izi, alamu."

"Ukuona ngati ndikuseka?" Anatseka mpopi, nam'tembenukira. "Tandiyang'ana. Ine ndinalowa m'matope amenewa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwamuna wako ndinamulera ndi nkhono zimenezi. Ana ako awiri aja ali m'tauni ndi mataye awo anaphunzira ndi nkhono zimenezi. Tilipo amayi makumi asanu ndi mmodzi, wamng'ono ndi iweyo. Akatseka paja tipita kuti? Kukakolopa zimbudzi za fakitale? Atilemba ndani ndi misana yathuyi?"

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa. A kampani aja anama kangati? Anati madzi sadzasintha, lero nkhono zachepa theka. Anati kuno kulibe chamoyo, ndi thope lonunkha chabe. Iwo akanama amati lipoti. Iwe kungokhala chete basi, ukuti tchimo?"

"Sikukhala chete. A Pyo a ku bungwe la mbalame akubwera mawa ndi chikalata. Ndiyenera kusaina."

"Ndiye saina! Kambalame kako kosowako, ngati kalikodi kwinakwake, sikafuna matope omwewa? Ukuchitira komweko. Kapena ukufuna uzikaimba nyimbo kumwamba wekhawekha, woyera ngati mchere, ife tonse tikupemphetsa pa siteshoni?"

Choipa chake chinali chakuti alamu akewo sananame paliponse.

A Pyo, mlembi wa bungwe la mbalame, anafika Lachinayi pa basi ya m'mawa. Anali bambo woonda, waulemu wopitirira muyeso, woti ngakhale galu akawatsekera njira amamupepesa. Anavula nsapato, nakhala pansi pa kathebulo, nayang'anitsitsa chithunzi cha pa foni nthawi yaitali.

"Nkhungu yatilakwira," anatero. "Chithunzichi pachokha sichingaime. Akanabwera nacho wina aliyense ndikanamubweza. Koma ndinu, amayi. Komiti yathu inakumana dzulo pa foni, ndipo mawu anali amodzi: ngati mayi Ok asaina, tivomereza. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sitinakubwezereni mbalame ngakhale imodzi."

Anayala chikalata. Chinali chimene Sun-rye ankachidziwa bwino: tsiku, nthawi, mtunda, kumene kunali dzuwa, zimene unaona. Pansi panali funso lomaliza, lofunsa ngati pali chifukwa chilichonse chokayikira. Pa zenera ankaona mitu ya amayi itandandalika pa mpanda, onse atavala kale zipewa za kumatope koma osapita. Sun-rye analemba kuti palibe. Dzanja silinanjenjemere n'komwe, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa bodza lenilenilo.

Lachisanu mudzi wonse unakwera mabasi awiri. M'khothimo munkamveka fungo la sopo ndi la mankhwala opaka msana. Sun-rye analumbira, nafotokoza za Lolemba, ndipo zonse zimene ananena za Lolemba zinali zoona. Woweruza ankagwedeza mutu akutsegula makope ake aja mosamala. A Gil-ja, pa benchi yakutsogolo, anali atatupa ngati nkhukundembo.

Kenako loya wa kampani anaitana katswiri wawo. Sun-rye anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali Yeom Hae-won, tsopano dokotala wa za mbalame, yemwe ali pasukulu anakhala nyengo ziwiri m'nyumba ya Sun-rye, akudya msuzi wake wa nkhono ndi kugona m'chipinda cha ana ake. Mayiyo anawerama kwa woweruza, kenako anawerama kwambiri kwa Sun-rye. Nkhope yake inali ya munthu amene wabwera ku maliro. Anapempha chilolezo chofunsa funso limodzi.

"Amayi, pepani. Kodi kanasamba?"

M'khothimo ena anaseka, osadziwa. Sun-rye anayang'ana manja ake.

"Madzi anabwera msanga."

"Lolemba. Nanga pambuyo pake munakaonanso?"

Apa mpata wobwerera unalipo, ndipo Hae-won anautsegula dala, maso ake akumudandaulira. Sun-rye anamva kupuma kwa alamu ake kumbuyo.

"Sindinakaonenso."

Hae-won anatsinzina pang'ono, kenako anayatsa makina oonetsera zithunzi. Choyamba chinali cha Sun-rye chija, atachikuza: nthenga yoyera yothyoka pa phiko lamanzere. Chachiwiri chinali cha Hae-won mwini wake, chojambula Lachitatu ali m'boti la kafukufuku: nthenga yomweyo, phiko lomwelo, kambalame kali m'chithaphwi, mlomo wosongoka. Chachitatu anachijambula mphindi yomweyo, choonetsa dera lonse. Chapakona panali mayi wa chipewa chobiriwira, diso lili pa galasi la mwendo womanga ndi waya, lolozetsa pa chithaphwi chomwecho.

Loya wa kampani sanakweze mawu, ndipo bola akanakuwa. Ananyamula kope limodzi pa mulu uja, naliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Wolemekezeka, m'makope awa muli mbalame zosowa zambiri. Pafupifupi zonse mboni yake ndi mmodzi, mayi awa. Lero taona kuti mudzi ukafuna mbalame, mayiwa amaipeza. Ndingofunsa: mwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zimenezi, thope ndi lingati?"

"Zinazo ndi zoona!" Sun-rye anakuwa ataimirira. "Zonsezo ndi zoona! Ndinaima m'chisanu ine, ndinadikira ine, chilichonse chili m'menemo ndinachiona!"

"N'kutheka, amayi," loyayo anatero mofatsa. "Koma Lachinayi munanenanso chimodzimodzi."

Chigamulo chinabwera patapita milungu itatu. Makope onse anachotsedwa pa umboni, ndipo popanda makopewo mudzi unalibe china m'manja. A Pyo anawabweretsa okha m'katoni ya maapozi, anapepesa kanayi, nanena akuyang'ana pansi kuti komiti yaganiza zoika chizindikiro cha chikayiko pa zonse za ku Dalmori zimene zinalibe mboni yachiwiri. Tiyi anamukana mwaulemu.

Anthu a m'mudzi sanamudzudzule chifukwa chonama. Anamudzudzula chifukwa chogwidwa. Mayi wokalamba uja anatumiza uthenga woti mtsuko wake ubwerere. A Gil-ja okha sananene kanthu, kabwino kapena koipa. Akakumana pa msewu ankangoti, "Wadya?" n'kupitirira yankho lisanabwere. Sun-rye ankawada, ndipo ankadziwa kuti nawonso akudzida. Panalibe cholankhula.

Malole anagwira ntchito nyengo yonse yozizira. Mpata unatsekedwa mu Epulo, nthawi ya masana, kuli mbendera ndi gulu loimba. Tsiku limenelo madzi anaphwera ndipo sanabwerere. Patapita sabata nkhono zinayamba kutuluka zokha pamwamba, kufunafuna madzi, n'kufera pompo zili yasa, mtunda wonse mbuu mpaka kumene diso limalekezera. Fungo linalowa m'zovala, mu mpunga, m'tulo. Amayi ena anapita kwa ana awo m'tauni. A Gil-ja anayamba ntchito yosenda adyo kumsika wa paboma, kunyamuka pa basi yoyamba.

Mbalame sizinauzidwe. Mu Meyi zinafika kuchokera kum'mwera monga mwa chaka chilichonse, zoonda, zitauluka masiku osatera, n'kugwera pa malo amene zinkawadziwa. Zinkathamanga pa dothi long'aluka zikujompha, kujompha, osapeza kanthu. Zina zinkanyamuka n'kuzungulira, n'kuteranso pomwepo. M'mawa uliwonse m'ming'alu munkapezeka zakufa, zopepuka ngati chikhatho cha udzu.

Sun-rye analumbira kuti galasi sadzaligwiranso, koma m'mawa wina anapezeka ataliyika paphewa. Anayenda ndi nsapato wamba pamene kale thope linkafika m'mawondo. Anakhazika miyendo itatu ija pa dothi louma, nayamba kumanzere, khumikhumi, chifukwa njira ina yoyang'anira sankaidziwa.

Kambalame kamodzi kanali kokha, pambali pa mulu wa zigoba, mapazi makumi awiri okha. Mutu ndi khosi zinali zofiirira, nthenga za nyengo yoswana. Kankayenda mutu uli pansi, kakusesa uku ndi uku pa fumbi. Kanadzutsa mutu, kanayang'ana kumene iye anali, ndipo dzuwa linawala pa mlomo wakuda, wosalala, wotambasuka kunsonga ngati supuni ya mwana. Panalibe chodikira kuti kasambe. M'dera lonselo munalibe thope loti lingamate pa mlomo wa mbalame, ndiponso munalibe madzi oti kasambemo.

Anakayang'ana mpaka diso linachita misozi. Anayesa kujambula, koma manja anakana, ndipo pa foni panangotuluka zotuwa. Atayesa kachitatu kanauluka motsika, molemera, kulowera ku khoma. Anaimba foni ali chiimire pomwepo.

"Bambo Pyo, ndine Ok Sun-rye wa ku Dalmori. Kasupuni. Kamodzi, kakakulu, nthenga zofiira. Nthawi ndi mphindi khumi itakwana seveni, mapazi makumi awiri, dzuwa kumbuyo kwanga. Mlomo wopanda thope, ndauona bwinobwino."

"Aa, amayi. Muli bwanji? Msana uja ukupezako bwino?"

"Mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva, amayi, zikomo kwambiri. Chithunzi chilipo?"

"Sichinatuluke."

"Nanga munali ndi wina?"

Sun-rye anayang'ana mtunda wonse wotuwawo. Kutali, galimoto yoyeza malo inkakoka fumbi.

"Ndili ndekha."

"Chabwino. Zikomo potidziwitsa. Mudzisamalire, kunja kwayamba kutentha."

Zaka zonse zija, akaimba foni ndi mbalame yosowa, ankamva a Pyo akukoka kabati kufuna cholembera, n'kumuuza kuti abwereze nthawi pang'onopang'ono. Anakhalabe foni ili pakhutu, akumvetsera. Kabati sinatseguke.